Akufunsa ndani?

Mu Julaye 2009, ku Ottawa m'dziko la Canada, envelopu ina inali itafika kale m'chipinda chotumizirako makalata ku unduna woyang'anira nyumba ndi ntchito za boma. M'katimo munali lipoti la masamba 137 lokhudza nyumba ndi maofesi a boma, lomwe mtolankhani wa Canadian Press adapempha motsata lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zikalata za boma. Maofesala omwe ntchito yawo ndi yomweyo anali ataliwerenga, ataona kuti mulibe choti n'kubisa, n'kuvomereza kuti lipite. Apa m'pamene mlangizi wa nduna adazimva. Ameneyu anali munthu wa chipani, wobwera ndi nduna komanso wodzachoka ndi nduna. Adalamula kuti envelopuyo ibwezedwe, ndipo wantchito wina adachita kuthamanga kukaitenga isanatuluke pakhomo. Patadutsa miyezi pafupifupi itatu, mtolankhani uja adalandira masamba 30 okha.

Chomwe chimandisautsa pankhaniyi n'chakuti palibe adanena kuti "ayi". Lamulo silidafafanizidwe, nyuzipepala sidatsekedwe, palibe adagona m'chitokosi. Dzanja lidangolowa mwakachetechete pakati pa ofesala ndi wopempha. Zitaululika, mlangiziyo adadzatula pansi udindo mu 2010, ndipo chaka chotsatira komishonala woyang'anira lamuloli, Suzanne Legault, adapeza kuti andale adalowereradi. Koma kukhoti sikudapite munthu.

Ndayambira ku Canada dala. Tikamakamba za boma lobisa zinthu, maganizo amathamangira kwa olamulira ankhanza, aja omanga anthu usiku. Komatu nthendayi sisankha. Imagwira aliyense amene wakhala pampando n'kumawerenga masiku otsala kuti chisankho chifike. Maiko oposa 130 tsopano ali ndi malamulo opatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira zikalata za boma. Ukawerenga malamulowo ungayese nkhani idatha kalekale. Koma mkanganowo udangosamuka. Udachoka m'nyumba ya malamulo n'kukalowa m'makabati, m'mafoni oimbidwa madzulo, ndi m'mawu aja odziwika bwino akuti "tikudikira malangizo ochokera kumwamba".

Ine ndidalembapo kalata yotere. Sindidapemphe zinsinsi za asilikali ayi. Ndinkafuna mndandanda wa makampani omwe adapatsidwa ntchito yokonza misewu ina, ndi ndalama zomwe kampani iliyonse idalandira. Yemwe adandilandira anali mayi wachikulire, waulemu wake, woti ukangomuona umadziwa kuti ntchito amaidziwa. Adawerenga kalatayo kawiri, adatembenuka n'kutsegula kabati, ndipo fayiloyo ndidaiona ndi maso angawa, yobiriwira, yomanga ndi kachingwe. Adaikapo dzanja. Kenaka adalichotsa n'kubwerera pampando.

"Pepani bambo, kodi inuyo akutumani ndani?"

Ndidati palibe.

"Nanga mukufuna mukachite nazo chiyani?"

Ndidati ndikufuna kuwerenga basi. Adaseka pang'ono, kuseka kondimvera chisoni, nati: "Ine ndilibe nazo vuto, bambo. Koma izi zikuyenera ziyambe zadutsa kumwamba." Zomwe zidatsatira aliyense amene adagogodapo pa ofesi ya boma akuzidziwa. Abwana ali kumsonkhano. Fayilo ili pa desiki ya abwana. Abwana achokapo, imbaninso sabata yamawa.

Mayiwa sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Masamu awo anali olondola. Ndikukayika ngati pa zaka zonse zomwe agwira ntchito adaonapo munthu akulangidwa chifukwa chosatulutsa chikalata. Koma wosamutsidwa mwadzidzidzi, kapena wokhalitsa pa giredi imodzi chifukwa pepala lomwe lidadutsa m'manja mwake lidapezeka m'nyuzipepala, ameneyo ofesi iliyonse ili ndi nkhani yake. Wandale sachita kuvutika kuimba foni tsiku ndi tsiku. Aimbe kamodzi kokha, munthu mmodzi alangidwe anzake akuona, kwatha. Kuyambira pamenepo maofesala amatseka okha makabati popanda wowauza.

Funso lija loti "akutumani ndani" ndilo khomo lomwe ndale zimalowera. Chikalata chikakhala choti chituluke, chituluke kwa aliyense: mlimi, mtolankhani, phungu wotsutsa boma, ngakhale uja amanyoza pulezidenti pa Facebook m'mawa uliwonse. Chikakhala choti chisatuluke, chisatuluke ngakhale kwa mlamu wake wa nduna. Olemba malamulo abwino adaziona izi kalekale. Ku Sweden, komwe lamulo loyamba la mtunduwu lidakhazikitsidwa mu 1766 polimbikira m'busa wina wa mpingo, Anders Chydenius, ofesala saloledwa kukufunsa dzina kapena cholinga chako, pokhapokha ngati yankho lako likufunika poona ngati chikalatacho n'chotetezedwa. Lamulo la ku India la 2005 limanena mosapsatira kuti wopempha asakakamizidwe kupereka chifukwa.

Koma andale amafuna kudziwa, ndipo njira amaipeza. Mu 2010, Associated Press idaulula kuti ku America, unduna wa Homeland Security unkadutsitsa mapempho ena kwa alangizi andale asanayankhidwe, pamodzi ndi mbiri ya wopemphayo: kaya ndi mtolankhani, amagwira kuti, ndipo ngati ndi phungu, ndi wa chipani chiti. Umutu munali mu ulamuliro wa Barack Obama, yemwe atangolowa mu ofesi mu Januwale 2009 adalamula kuti maunduna azichita zinthu poyera. Ku Britain, mu 2020, nyuzipepala ya pa intaneti ya openDemocracy idavumbulutsa kagulu ka mu Cabinet Office kotchedwa Clearing House, komwe kankaunika mapempho omwe maunduna akuwaona ngati ovuta, n'kumazunguza mndandanda wokhala ndi maina a atolankhani opemphawo. Ukangoyamba kusanja mapempho potengera mwini wake, sukufunsanso kuti lamulo likuti chiyani. Ukufunsa kuti yankholi lipweteka ndani.

Nanga amaopa chiyani? Ambiri timathamangira kunena kuti akuba, ndipo nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma ndikamaona zambiri zomwe zidabisidwa n'kudzaululika, chachikulu chimakhala manyazi. Aphungu a ku Britain adalimbana kwa zaka ndi mtolankhani Heather Brooke ndi anzake omwe ankafuna kuona malisiti a ndalama zomwe aphunguwo ankabwezeredwa. Mu 2007 adafika mpaka povomereza bilu yoti nyumba yawo ya malamulo ichotsedwe m'lamulo lopezera zikalata lomwe adapanga okha, mwayi biluyo idafera panjira. Khoti lidagamula mu 2008 kuti malisitiwo atuluke. Pomwe Daily Telegraph idayamba kuwasindikiza mu Meyi 2009, dziko lidaona chomwe chinkatetezedwa mwamphamvu chonchi: wina adapempha kuti okhoma msonkho amulipirire kanyumba ka abakha ka padziwe, wina adaikapo ndalama zoyeretsera ngalande yozungulira nyumba yake. Sipikala Michael Martin adatula pansi udindo, ndipo aphungu angapo adakagwira ndende. Chitetezo cha dziko sichidagwedezeke m'pang'ono pomwe. Zidagwedezeka ndi nkhope za anthu.

Chida chomwe andale amachikonda kwambiri si kukana. Kukana kuli ndi vuto lake: kumalembedwa, kumasainidwa, ndipo munthu akhoza kupita nako kukhoti. Kuchedwetsa kulibe mwini. Sungaloze chala munthu chifukwa fayilo "ikadali panjira". Ndipo nkhani ili ndi nyengo yake. Lipoti lomwe likadasintha maganizo a ovota likatuluka chisankho chitadutsa, limangothandiza olemba mbiri. Komiti ya aphungu a ku Britain yoona za ukazitape idatumiza ku ofesi ya nduna yaikulu ya nthawiyo, Boris Johnson, mu Okutobala 2019, lipoti lake lonena za kulowerera kwa Russia m'ndale za dzikolo. Chisankho chidachitika mu Disembala. Lipotilo lidatuluka mu Julaye 2020.

Chitsanzo cha Malawi chimaposa pamenepo, chifukwa chomwe chidachedwetsedwa ndi lamulo lenilenilo. Gawo 37 la malamulo aakulu a dzikolo lidalonjeza ufulu wopeza zikalata za boma kuyambira 1994. Lamulo loti ufuluwo ugwire ntchito aphungu adalivomereza mu Disembala 2016, patatha zaka 22, ndipo Peter Mutharika adalisaina mu Febuluwale 2017. Anthu adaomba m'manja. Koma tsiku loti liyambe kugwira ntchito lidasiyidwa m'manja mwa nduna, ndipo ndunazo sizidaone changu. Lamulo lidagona m'kabati zaka zoposa zitatu, mpaka pa 30 Sepitembala 2020, boma litasintha. Pakatipo padadutsa zisankho ziwiri za pulezidenti. Ndipo kuti wina asayese ndikukometsera mbali imodzi: boma lomwe lidayatsa lamulolo, la Lazarus Chakwera, ndilo lomwe apolisi ake mu Epulo 2022 adagwira mtolankhani Gregory Gondwe n'kumulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa yemwe adamupatsa chikalata cha boma. Funso ndi lomwe lija, langotembenuzidwa: wakupatsa ndani?

N'chifukwa chake sinditengeka mtima chipani chotsutsa chikamafuula kuti boma liulule zonse. Pafupifupi chipani chilichonse chimakonda kuwala chikakhala panja. Muyeso weniweni umabwera chaka chachiwiri kapena chachitatu cha ulamuliro, pomwe zikalata zomwe anthu akupempha sizikunenanso za omwe adachoka koma za omwe alipowa.

Wopempha akamanidwa amayenera kukhala ndi kokadandaula. Apa ndiye andale anzeru amagwira pakhosi penipeni. Safafaniza bungwe lomva madandaulo, amangolisiya liwume. Dziko la Mexico linali ndi bungwe lotchedwa INAI, lomwe maiko ambiri ankalisirira chifukwa linali ndi mphamvu zolamula unduna kutulutsa chikalata. Pofika 2023 makomishonala ena anali atamaliza nthawi yawo, koma mipando yawo sidadzazidwe. Pulezidenti Andrés Manuel López Obrador adakana maina awiri omwe adasankhidwa, ndipo nyumba ya Senate sidabweretse ena. Lamulo linkafuna makomishonala 5 mwa 7 kuti bungwelo ligamule, lidatsala ndi 4, ndipo kwa miyezi ingapo madandaulo adangounjikana mpaka khoti lalikulu lidalowererapo. Kumapeto kwa 2024 malamulo aakulu adasinthidwa, INAI idathetsedwa, ndipo ntchito zake zambiri zidapita ku unduna womwe uli pansi pa pulezidenti. Ku India adachita mofatsa kuposa apa. Mu 2019 adasintha lamulo kuti boma lizikhala ndi mphamvu yonena kuti komishonala akhala zaka zingati ndiponso azilandira malipiro otani. Munthu amene malipiro ake ali m'manja mwa yemwe akumuweruza, ngakhale akhale wolimba mtima chotani, amaganiza kawiri.

Pali kulowerera kwina komwe sikudikira n'komwe kuti munthu apemphe. Kumapita kukagwira ziwerengero zisanabadwe. Ku Argentina, kuyambira 2007, boma lidachotsa akatswiri ku INDEC, ofesi ya ziwerengero, ndipo kukwera kwa mitengo kudayamba kuoneka kochepa papepala pomwe mumsika kunali kwina. Akatswiri omwe ankatulutsa ziwerengero zawozawo adalipitsidwa chindapusa. Mu 2013 bungwe la IMF lidadzudzula dzikolo poyera chifukwa cha ziwerengero zosadalirika. Ku Tanzania, mu 2018, adasintha lamulo kuti kutsutsa ziwerengero za boma ukhale mlandu, ngakhale chaka chotsatira adabweza pambuyo podzudzulidwa. Mliri wa Covid-19 utafika, boma la John Magufuli lidangosiya kulengeza. Chiwerengero cha odwala chidaima pa 509 kwa nthawi yoposa chaka, ngati kuti kachilomboko kadamva lamulo. Ndipo pa 1 Ogasiti 2025, Donald Trump adachotsa ntchito mkulu wa ofesi yowerengera za ntchito ku America, Erika McEntarfer, tsiku lomwelo lomwe ofesiyo idatulutsa ziwerengero zosamukomera. Wolowa m'malo mwa munthu wochotsedwa chonchi safunika kuuzidwa kanthu.

Masiku ano kwabweranso luso losalemba. Zinthu zazikulu zikugamulidwa pa WhatsApp ndi pa mauthenga a pafoni omwe amafufutika okha, kenaka wopempha amauzidwa moona mtima kuti chikalata chotere kulibe. Ursula von der Leyen, mkulu wa European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito za European Union, adalemberana mauthenga ndi mkulu wa kampani ya Pfizer pa nthawi yomwe ankakambirana za katemera wa ndalama zankhaninkhani. New York Times itapempha, idauzidwa kuti mauthengawo sakupezeka. Mu Meyi 2025 khoti la European Union lidati yankho limenelo silikugwira mtima. Kupambana kudalipo, koma uthenga wofufutika khoti silingaudzutse.

Tsopano ndimve mbali inayo, chifukwa ilipo ndipo si yopusa. Boma lililonse lili ndi zinthu zoyenera kusungidwa. Komwe asilikali agone usiku uno, dzina la mboni yomwe moyo wake uli pachiswe, fayilo ya matenda a munthu, mtengo womwe boma lakonzeka kufikapo pokambirana ndi wogulitsa: izi zikatuluka pa nthawi yolakwika zimapweteka anthu osalakwa. Sindikudziwa lamulo lililonse la ufulu wopeza zikalata lomwe silipatula zinthu zoterezi, ndipo n'koyenera kutero.

Vuto n'lakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wandale wochenjera amadziwa kuti mawu oti "chitetezo cha dziko" palibe angawaponyere mwala, ndiye amakhala pomwepo. Ku South Africa, boma lidagwiritsa ntchito ndalama zokwana R246 miliyoni pa nyumba ya pulezidenti wa nthawiyo, Jacob Zuma, ku Nkandla, n'kumati zonse n'zachitetezo. Lipoti la kafukufuku wa boma lidaikidwa m'gulu la zinsinsi, ndipo nduna zidachenjeza kuti kufalitsa zithunzi za malowo n'kulakwira lamulo. Thuli Madonsela, yemwe anali wofufuza madandaulo a anthu okhudza boma, atafufuza n'kutulutsa lipoti mu 2014, zina mwa "zachitetezo" zija zidapezeka kuti ndi dziwe losambiramo, khola la ng'ombe ndi la nkhuku. Ku Mozambique zidali zowawa kuposa apa. Mu 2013 ndi 2014, makampani atatu a boma, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, adatenga ngongole za pafupifupi madola 2 biliyoni, boma litalonjeza kubweza, popanda chilolezo cha nyumba ya malamulo. Gawo lalikulu lidabisidwa m'dzina la chitetezo cha m'nyanja. Zitaululika mu 2016, opereka thandizo adaimitsa ndalama zawo, ndalama ya dzikolo idagwa mphamvu, ndipo yemwe adamva ululu ndi munthu wamba yemwe sadaone n'komwe pepala limodzi. Nduna ya zachuma ya nthawiyo, Manuel Chang, idapezeka yolakwa ku New York mu 2024. Ndiye funso si lakuti kodi zinsinsi zikhalepo. Funso n'lakuti ndani agamule kuti ichi n'chinsinsi. Yankho langa n'lakuti asakhale munthu amene chikalatacho chikumunena.

Chodandaula china chidachokera kwa Tony Blair, yemwe boma lake lidabweretsa lamuloli ku Britain mu 2000, kenaka iye n'kudzalemba atachoka pampando kuti adalakwitsa. Mfundo yake inali yakuti atsogoleri sangakambirane momasuka ngati mawu aliwonse mawa adzakhala pa tsamba loyamba, komanso kuti ogwiritsa ntchito lamuloli kwambiri ndi atolankhani ofuna pomenyera boma. Theka la mfundoyi ndikuvomereza. Nduna ndi alangizi ake amafunika mpata woganiza mokweza, kulakwitsa ndi kubweza, chigamulo chisanapangidwe. Malamulo ambiri amateteza kale mpata umenewu. Koma chigamulo chikapangidwa, ndalama zikatuluka, mpata uja watha. Ndipo zoti atolankhani ndi otsutsa amagwiritsa ntchito zikalata ngati chida, inde amatero. Nanga azigwiritsa ntchito chiyani? Boma lomwe limabisa zoona silithetsa kunenedwa, limangosiyira bwalo mphekesera, zomwe nthawi zambiri zimakhala zoipa kuposa zomwe zili m'fayilomo.

Palinso omwe amati nduna ndiyo imayankha m'nyumba ya malamulo, choncho iyenera kudziwa zomwe unduna wake ukutulutsa. Izi ndilibe nazo mkangano. Auzidwe kuti mawa chikalata chakuti chituluka, akonzekere mayankho ake. Koma kuuzidwa ndi kwina, kupempha chilolezo ndi kwina. M'maofesi ambiri ziwirizi zidasakanizika mpaka maofesala sakuzisiyanitsanso.

Mwina wina akuwerenga akuti, izi n'za atolankhani ndi maloya, ife zikutikhudza pati? Ndimupititse ku Rajasthan, ku India, kumapeto kwa 1994. Anthu akumudzi ogwira maganyu a boma, okumba misewu ndi madamu, ankalandira ndalama zoperewera, ndipo akafunsa ankauzidwa kuti mabuku olembamo maina a ogwira ntchito ndi chinsinsi cha boma. Gulu lotchedwa MKSS, lomwe mmodzi mwa oyambitsa ake ndi Aruna Roy, lidapeza makope a mabuku ena n'kuitanitsa misonkhano ya pabwalo. Munthu ankaimirira n'kumawerenga mokweza dzina ndi dzina, ndalama ndi ndalama. Apa anthu adayamba kuyang'anana. Dzina lawerengedwalo ndi la munthu yemwe adamwalira kalekale. Linalo mwini wake ali pomwepo ndipo akulumbira kuti sadagwirepo ntchitoyo. Nyumba yomwe papepala idamalizidwa, aliyense akuidziwa kuti ilibe denga. Ambiri mwa anthuwo sankadziwa kuwerenga, koma ankadziwa yemwe ali moyo ndi yemwe adafa, zomwe wowerengera ndalama za boma wochokera kutali sakadazidziwa. Lamulo la India la 2005 lidaphukira pamabwalo amenewa. Ndipo kuti muone kuti pepala limaopedwa: anthu angapo ogwiritsa ntchito lamuloli adaphedwa, mmodzi mwa iwo Amit Jethwa, yemwe adawomberedwa pafupi ndi khoti lalikulu la Gujarat mu 2010 atafukula za migodi yosaloledwa.

Ku Uganda nako, kafukufuku adapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995, pa ndalama zomwe boma linkatumiza kusukulu zapulaimale zogulira zipangizo, pafupifupi 13 pa 100 iliyonse ndi zomwe zinkafikadi. Boma lidayamba kusindikiza m'nyuzipepala ndalama zotumizidwa ku boma lililonse mwezi ndi mwezi, n'kulamula kuti sukulu zizimata pakhoma zomwe zalandira. Pofika 2001, zofika zidaposa 80 pa 100. Padali zosintha zina pa nthawi yomweyo, choncho sitinganene kuti nyuzipepala yokha ndiyo idachita zonse. Koma mphunzitsi wamkulu wodziwa kuchuluka kwa ndalama zomwe sukulu yake idatumiziridwa ndi wovuta kumubera.

Ndiye tichite chiyani ndi dzanja lija? Kulalikira andale kuti akhale ndi mtima wabwino ndidasiya. Munthu yemwe mpando wake ukudalira chisankho adzayesa kubisa chomwe chingamugwetse, kaya ndi wa chipani chomwe ndimachikonda kapena ayi. Chofunika n'kukonza zinthu moti dzanjalo lisafikire, ndipo likafikira lisiye zidindo za zala. Chigamulo chotulutsa chikalata chikhale cha ofesala wosankhidwira ntchitoyo, ndipo ofesalayo asasamutsidwe kapena kulangidwa chifukwa chotsata lamulo. Nduna kapena mlangizi akafuna kuti chikalata chigwiridwe, alembe, asaine, apereke gawo la lamulo lomwe akuimirapo, ndipo kalata yakeyo ikhale chikalata chomwe aliyense angapemphe. Malangizo ambiri "ochokera kumwamba" angafere m'kamwa eni ake atauzidwa kuti awalembe.

Chilango nacho chilunjike koyenera. Ku India, ofesala wochedwetsa yankho popanda chifukwa akhoza kudulidwa marupi 250 patsiku mpaka kufika 25,000, kuchokera m'thumba mwake. Izi zimathandiza, chifukwa tsopano kukhala chete nako kuli ndi mtengo. Koma zikathera pomwepo, ofesala wamng'ono amapanikizika pakati, uku chindapusa uku abwana, pomwe woimba foni uja akugona tulo tabwino. Lamulo la Canada limanena kuti kulamula wina kubisa chikalata ndi mlandu. Taona kale kuti kulemba zimenezo m'lamulo n'kosavuta kusiyana ndi kutengera mlangizi wa nduna kukhoti. Komabe bola lilipo. Ndipo bungwe lomva madandaulo lisamadalire chifundo cha omwe likuwaweruza: nthawi ya makomishonala ndi malipiro awo zilembedwe m'lamulo, ndipo mpando ukakhala wopanda munthu kwa miyezi yakutiyakuti, pakhale njira yoti udzazidwe ngakhale andale atanyanyala. Chimodzimodzi tsiku loti lamulo liyambe kugwira ntchito, kapena loti lipoti la kafukufuku liperekedwe kwa anthu. Lilembedwe ndi manambala, lisasiyidwe kuti "nduna idzalengeza".

Koma njira yomwe imandikhutiritsa kuposa zonsezi ndi yomwe imachotseratu kupempha. Kuyambira Januwale 2011, ku Slovakia, kontirakiti yomwe boma lasaina ndi kampani siyamba kugwira ntchito mpaka itaikidwa pa intaneti kuti aliyense aione. Ikakhala miyezi itatu isanaikidwe, imatengedwa ngati sidasainidwe n'komwe. Taonani momwe kalamulo kamodzi katembenuzira zinthu. Kale wofuna kuti pepala lituluke anali nzika yopanda mphamvu, yoima pakhomo ndi kalata m'manja. Tsopano wofunitsitsa kuti lituluke ndi mwini kampani, chifukwa popanda kutero salipidwa, ndipo iyeyo ndiye amene angaimbire nduna foni kufunsa kuti bwanji simudaike. Katangale sadathe ku Slovakia, ndipo mtolankhani Ján Kuciak adaphedwa komweko mu 2018 akufufuza za anthu oyandikana ndi olamulira. Koma kontirakiti zili poyera, ndipo woziwerenga safunsidwa dzina.

Lamulo lotereli likadakhalapo komwe ndidapita kuja, mndandanda wa makampani a misewu uja ndikadaupeza pafoni yanga ndili pakhomo. Fayilo yobiriwira ikadakhala m'kabati mwake, ndipo mayi aja sakadafunika kuikapo dzanja n'kulichotsanso ine ndikuona.